Oyimba akaweruka kuntchito: magulu amene anyamula nyimbo zauzimu

Munthu akafunsidwa kuti atchule oyimba nyimbo zauzimu, amatchula amene amawamva pa wayilesi, amene nkhope zawo zili pa zikwangwani za maphwando a nyimbo, ndi amene amakwera ndege kukayimba kunja. Amenewo alipodi, koma ndi ochepa zedi. Nyimbo zauzimu zambiri zimene zimayimbidwa sabata iliyonse zimatuluka pakamwa pa anthu amene Lolemba m'mawa amadzuka kupita kukaphunzitsa, kukayendetsa basi, kukasamalira odwala kapena kukawotcherera zitsulo. Amakumana madzulo akaweruka, n'kuyeserera nyimbo ali otopa, ndipo kumapeto kwa sabata amavala yunifomu kukayimba kumene aitanidwa. Sadya za kuyimba. Kawirikawiri kuyimbako ndi kumene kumadya za m'thumba mwawo.

Magulu otere sakambidwa kawirikawiri, ndipo akakambidwa amatengedwa kuti ndi ongoyamba kumene, odikira tsiku loti adzakhale akatswiri. Ine ndimaona kuti kaganizidwe kameneka kamaika zinthu chadodolido. Mbiri ya nyimbo zauzimu, kuyambira m'matchalitchi a ku America kumene mtundu wa nyimbowu unakulira, ikusonyeza kuti odya za kuyimba ndi kagulu kochepa kamene kamadalira anthu ambirimbiri oyimba atagwira kale ntchito ina. Malipiro a kumgodi, a kufakitale ndi a kuchipatala ndi amene akhala akugula masuti, kuthira mafuta m'galimoto ndi kulipira situdiyo. Kunena mosapsatira, ntchito zinazo ndi zimene zakhala zikulipirira nyimbo zauzimu kwa zaka pafupifupi 100.

Tiyambe tasiyanitsa. Kwaya ya pampingo imayimba pa mapemphero a mpingo wake, ili pansi pa abusa ndi akulu a mpingo, ndipo ikapita kwina imapita m'dzina la mpingowo. Kumbali inayi kuli akatswiri amene anasiya ntchito zonse, ali ndi wowayendetsera zinthu ndi mgwirizano ndi kampani yojambula nyimbo, ndipo mwezi ukatha ana awo amadya zimene makolo ayimba. Gulu limene tikukamba pano lili pakatikati. Lili ndi dzina lakelake, wapampando, mlembi ndi msungichuma, nthawi zina ndi malamulo olembedwa m'kope onena za chindapusa cha wochedwa ku pulakatisi. Mamembala ake akhoza kuchokera m'mipingo yosiyana, kapena onse kukhala a banja limodzi. Limayenda, limajambula nyimbo, mwina lili ndi olikonda okhulupirika m'matauni angapo oyandikana, koma Lamlungu usiku aliyense ayenera kufika kunyumba chifukwa mawa ndi ntchito. Kutalika kwa ulendo wawo kumapimidwa ndi nthawi yolowera ntchito Lolemba.

Kumene oyimba amaleredwa

Kuti timvetse chimene magulu amenewa amachita, tiyang'ane dera la Jefferson County m'chigawo cha Alabama ku America, kumene kuli mizinda ya Birmingham ndi Bessemer. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mabanja ambiri a anthu akuda anasiya minda ya thonje n'kubwera kudzagwira ntchito m'migodi ya malasha ndi ya miyala ya chitsulo, komanso m'mafakitale osungunula zitsulo. Ambiri ankakhala m'nyumba za kampani, ntchito inali yowawa ndi yoopsa, ndipo zosangalatsa zinali zochepa. Apa m'pamene makwateti anachuluka: amuna anayi kapena asanu, opanda gitala, opanda ng'oma, opanda piyano, mawu okhaokha. Wina wotsogolera nyimbo, wina wa mawu okwera, wina wa pakati, wina wa besi. Chimene ankafuna kuti ayambe chinali khonde la nyumba ya mmodzi wa iwo basi.

Sankangoyimba mwachisawawa ayi. Derali linali ndi aphunzitsi a makwateti, anthu amene madzulo ankayenda kuchoka pa gulu ili kupita pa lina kukawongola mawu. R. C. Foster, amene anaphunzitsidwa kuyimba ndi mphunzitsi wophunzira ku sukulu ya Tuskegee Institute, anafika ku Bessemer mu 1915 n'kuyambitsa gulu la Foster Singers. Charles Bridges, amene gulu lake la Birmingham Jubilee Singers linajambula nyimbo ndi kampani ya Columbia mu 1926, anaphunzitsa magulu ambiri a m'deralo. Ntchito ya mphunzitsi wotere inali ya khutu. Amamupatsa aliyense mawu ake payekha, n'kumubwerezetsa mpaka agwire, kenako amaphatikiza awiri, kenako atatu, wachinayi pomalizira. Wina akakweza mawu kuposa anzake amamuimitsa, chifukwa kumbuyo kwa wotsogolera nyimbo munthu akamveka yekha ndiye kuti zalakwika. Ankalimbikira kuti onse ayambe liwu nthawi imodzi ndi kulitseka nthawi imodzi, ndi kuti mawu a nyimbo azimveka bwinobwino mpaka kwa agogo okhala kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi. Pa mipikisano oweruza ankamvetsera zomwezo: kusunga nthawi, kugwirizana kwa mawu ndi katchulidwe.

Ena mwa ophunzitsidwa chonchi anadzakhala akatswiri oyenda kutali, monga Famous Blue Jay Singers ndi wotsogolera nyimbo wawo Silas Steele. Ambiri anatsala, ndipo kutsalako sikunali kulephera. Sterling Jubilee Singers, gulu limene linayamba ku Bessemer mu 1929 pakati pa ogwira ntchito m'mafakitale, linayimba kwa zaka zoposa 60, mamembala ake akugwirabe ntchito zawo mpaka kupuma. Linkayimba m'matchalitchi komanso pamisonkhano ya apantchito a m'mafakitale a zitsulo, moti kwa nthawi ndithu linkadziwika kuti CIO Singers, kutengera dzina la mgwirizano wa mabungwe a apantchitowo.

Ngakhale mayina aakulu amene timawatchula lero anayambira m'moyo womwewu. Claude Jeter, mwini mawu okwera osalala amene oyimba ambiri anadzatengera, ankakumba malasha ku West Virginia pamene anayambitsa gulu la Four Harmony Kings mu 1938. Gululi litapeza pulogalamu pa wayilesi ku Knoxville, yolipiriridwa ndi kampani yophika buledi ya Swan, linatenga dzina la Swan Silvertones. Mahalia Jackson atafika ku Chicago kuchokera ku New Orleans ankachapa zovala ndi kugwira ntchito m'nyumba za anthu, kenako anatsegula saluni ndi malo ogulitsirapo maluwa. Kuyimba kunayamba kumudyetsa mokwanira pambuyo pa chimbale chake cha 1947 chimene chinagulidwa kwambiri. Roebuck Staples ankagwira ntchito m'mafakitale a ku Chicago pamene anayamba kuyimba ndi ana ake mu 1948. Ngakhale nyimbo yawo itatchuka mu 1956, banjali linadikira kuti mwana wawo Mavis amalize sekondale mu 1957 lisanayambe maulendo ataliatali. Zaka pafupifupi 9 zoyambirira za gulu lawo la Staple Singers zinali za kumapeto kwa sabata.

Kulera oyimba kuli ndi kuwawa kwake, chifukwa wolera bwino amalera anthu oti achoke. Ku Chicago kunali gulu la anyamata lotchedwa Highway QC's, limene linayambira pa Highway Baptist Church m'zaka za m'ma 1940. Mu 1950 gulu lotchuka la Soul Stirrers litasowa wotsogolera nyimbo, R. H. Harris atachoka, linatenga Sam Cooke, amene anakulira mwa anyamatawa, ali ndi zaka 19. Cooke atasiya nyimbo zauzimu mu 1957, Soul Stirrers inayang'ananso komweko n'kutenga Johnnie Taylor. Woyimba wotchuka Lou Rawls nayenso anadutsa m'gulu lomweli la Highway QC's. Taganizani mmene zimakhalira kwa otsala. Mwamuphunzitsa mnyamata kupuma pakati pa nyimbo, kuima pamaso pa anthu, kudziwa pamene mpingo wagwidwa ndi nyimbo ndi pamene watopa, ndiye tsiku lina galimoto ya akuluakulu yaima pakhomo. Palibe amene amalipira gulu laling'ono chifukwa cha ntchito yolerayo. Limangofuna mnyamata wina n'kuyambiranso.

Akatswiri akafika m'tauni, amawalandira ndani?

Tsiku lalikulu pa kalendala ya gulu lotere ndi lokumbukira kubadwa kwake. Ku America mwambowu uli ndi dongosolo lodziwika. Umachitika Lamlungu masana mapemphero atatha, kapena Loweruka madzulo, m'tchalitchi kapena m'holo ya sukulu. Eni tsiku amalowa akuyimba kuchokera kukhomo, atavala yunifomu yatsopano imene asonkhera miyezi yambiri. Woyendetsa mwambo amaitana magulu a alendo limodzilimodzi, ndipo lililonse limapatsidwa nyimbo ziwiri, ngakhale kuti yachiwiriyo ikagwira anthu imatha kutalika mpaka woyendetsa mwambo ayambe kuyang'ana wotchi moti onse amuone. Wotsogolera nyimbo amatsika kutsogoloko chokuzira mawu chili m'manja, akubwereza mzere umodzi womwewo pamene anzake akuvomera kumbuyo, mpaka amayi ena aimirira manja m'mwamba. Gulu likamaliza limasiya envelopu pa tebulo. Mwambo umatha usiku, ena atachoka kale chifukwa akulowa ntchito mbandakucha.

Envelopuyo ndi imene imayendetsa zonse. Gulu limene labwera lero likuyembekeza kuti tsiku lake likadzafika, eni tsiku a lerowa adzabwera ndi nyimbo zawo ziwiri ndi envelopu yawo. Kupatsa n'kuika. Ndalama yomweyo imazungulira chaka chonse kuchoka pa gulu ili kupita pa lina, palibe amene amalemera nayo, koma imachititsa kuti sabata iliyonse kukhale kwina kumene kukuyimbidwa. Gulu lokonda kulandira koma losapita kwa anzake limadzaona mipando yopanda anthu pa tsiku lake.

Akatswiri amalowera pamenepa. Gulu lotchuka likafika m'tauni limakhala mlendo. Amene amapempha tchalitchi, kumata zikwangwani, kugulitsa matikiti kwa anzawo a kuntchito ndi kuyimba poyamba anthu akamalowa, ndi magulu a m'deralo. Nthawi zambiri ndi iwo amene amaitana akatswiriwo kuti tsiku lawo likome, n'kulonjeza ndalama imene ayenera kuipeza ngakhale mvula itagwa anthu osabwera. M'zaka za tsankho, lamulo la 1964 lisanaletse kusankhana mitundu m'mahotela ndi m'malo odyera, oyimba akuda oyenda m'zigawo za kummwera ankakanizidwa malo ogona ambiri, choncho ankagona ndi kudya m'nyumba za anthu a mumpingo ndi oyimba anzawo a m'deralo. Magulu monga Dixie Hummingbirds ndi Soul Stirrers ankatha kuyenda chaka chonse chifukwa cha anthu amene mayina awo sanalembedwe pa chimbale chilichonse.

Wayilesi nayo inkayenda chimodzimodzi. Lamlungu m'mawa mawayilesi ang'onoang'ono ankagulitsa mphindi 15 kwa gulu lofuna, ndipo gululo linkasonkha kapena kupeza wamalonda woti alipire, kawirikawiri kampani yoyendetsa maliro kapena sitolo ya mipando. M'mphindi zimenezo ankayimba nyimbo zingapo, kupereka moni kwa odwala ndi kulengeza kumene akayimbe madzulo.

Nanga nyimbo yatsopano imafika bwanji pakamwa pa mpingo? Thomas A. Dorsey, amene ambiri amamutcha tate wa nyimbo zauzimu za anthu akuda, anazindikira msanga kuti wopeka nyimbo amafuna makwaya oti aziyimba. Iye ndi Sallie Martin ankayenda m'matchalitchi kugulitsa mapepala a nyimbo ndi kuyambitsa makwaya, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 anakhazikitsa bungwe la National Convention of Gospel Choirs and Choruses, kumene atsogoleri a makwaya ankabwera chaka ndi chaka kudzaphunzira nyimbo zatsopano n'kubwerera nazo kwawo. Kwa azungu a kummwera kwa America nkhaniyi ndi yoonekera poyera. Mu 1910 James D. Vaughan, wosindikiza mabuku a nyimbo ku Lawrenceburg m'chigawo cha Tennessee, analemba ntchito kwateti yoti iziyenda ikuyimba n'cholinga chogulitsa mabuku ake. Ogula anali alimi ndi anthu wamba amene ankasonkhana kudzayimba limodzi. Ndiye kuti akatswiri oyambirira a mtundu umenewo wa nyimbo anali otsatsa malonda, pamene eni kuyimbako anali anthu osalipidwa. Mpaka lero nyimbo imene yangomveka pa wayilesi imatha kuiwalika chaka chisanathe. Imene imakhalitsa ndi imene magulu ang'onoang'ono aitola, kuitsitsa kiyi kuti mawu awo afike, kuchotsa malo ovuta, ndi kukayiyimba pamaliro ndi paukwati mpaka mpingo uyambe kuvomera wokha. Wopeka amapeka zambiri, koma osankha zoti zitsale ndi iwowa.

Makwaya akuluakulu osonkhanitsa anthu a m'mipingo yambiri anakuza nkhani yomweyi. Mu 1967 Edwin Hawkins ndi Betty Watson anasonkhanitsa achinyamata a mpingo wa Church of God in Christ kumpoto kwa California. Anajambula nyimbo m'tchalitchi ku Berkeley n'kusindikiza zimbale 500 zokha kuti apeze ndalama za ulendo wa kumsonkhano wa achinyamata. Chimodzi chinafika m'manja mwa woulutsa mawu pa wayilesi ku San Francisco, ndipo mu 1969 nyimbo ya Oh Happy Day ya pa chimbalecho inafika pa nambala 4 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America ndi pa nambala 2 ku Britain. James Cleveland, amene anayambitsa msonkhano wa Gospel Music Workshop of America umene unakumana koyamba ku Detroit mu 1968, anali ndi kwaya ya Southern California Community Choir. Ndi imene inayimba kumbuyo kwa woyimba wotchuka Aretha Franklin mu Januwale 1972 pamene ankajambula chimbale chake chauzimu m'tchalitchi ku Los Angeles, chimene chinagulidwa makope oposa 2 miliyoni. Mississippi Mass Choir, imene Frank Williams anayambitsa mu 1988, ndi ya anthu a ntchito zosiyanasiyana. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: palibe kampani imene ingapereke malipiro a pamwezi kwa oyimba 100. Mkokomo wa kwaya yaikulu, umene anthu ambiri padziko lapansi amauganiza akamva za nyimbo zauzimu, umatheka pokhapokha ambiri mwa oyimbawo akudya kwina.

Pali ntchito ina imene akatswiri sangathe ngakhale atafuna, ndiyo kusunga kayimbidwe kamene ogula asiya kukafuna. Wodya za kuyimba ayenera kutsata ogula. Magitala, ng'oma ndi zida zina zitalowa m'makwateti m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, oyimba ndi mawu okha anasowa owaitana. Fairfield Four ya ku Nashville, imene inayambira pa Fairfield Baptist Church m'zaka za m'ma 1920 ndipo inkamveka pa wayilesi yamphamvu ya WLAC kuyambira 1942, inali itatha pofika cha m'ma 1960. Koma ku Jefferson County amuna a kumafakitale aja anapitiriza kuyimba monga anaphunzitsidwira, chifukwa panalibe kampani yoti iwauze kuti kayimbidwe kawo n'kachikale. Mu 1980 wofufuza mbiri ya nyimbo Doug Seroff anakonza mwambo ku Birmingham wosonkhanitsa makwateti akalewa, ndipo mamembala a Fairfield Four anakumananso pamwambowu. Gululi linadzuka. Mu 1989 linalandira ulemu wa National Heritage Fellowship kuchokera ku boma la America, ndipo m'zaka za m'ma 1990 linapata mphoto ya Grammy. Anthu atayambanso kufuna kayimbidweko, anakapeza kadakalipo chifukwa ena anakasunga osayembekeza kulipidwa.

Zimbale za magulu amenewa ndi chuma china. Ku Memphis, Style Wooten anali ndi kampani ya Designer Records kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kumene gulu linkalipira lokha kuti lijambule nyimbo n'kutenga mabokosi a zimbale kukagulitsa pa mapulogalamu ake. Makampani otere analipo ambiri. Zimbalezo zinkasindikizidwa zochepa, zambiri zinatayika, ndipo n'chifukwa chake yunivesite ya Baylor ku Texas inayamba ntchito yozisonkhanitsa ndi kuzisunga pa kompyuta, motsogozedwa ndi Robert Darden. Munthu akamvetsera zimbale zoterezi amamva zolakwika, gitala yosachunidwa bwino, wa besi akuthamanga. Amamvanso kayimbidwe ka dera limodzi, ka banja limodzi, kamene kampani yaikulu ikanakasalaza kuti kafanane ndi ka ena onse.

Mbali yowawa

Tisanamizane kuti zonse ndi zokoma. Magulu ambiri a mtundu umenewu amayimba asanakonzeke. Pulakatisi ya maola awiri pa sabata, theka lake likutha podikira ochedwa, singatulutse zimene amatulutsa anthu oyimba limodzi tsiku ndi tsiku. Ena amangokopera gulu lotchuka, mpaka kuusa moyo pamene mwini nyimbo anausa moyo. Ndipo mawu akuti "tikuyimbira Ambuye" nthawi zina amatulutsidwa pofuna kutseka pakamwa munthu amene wanena kuti mawu sakugwirizana. Aphunzitsi a ku Bessemer aja sakanavomera zimenezo. Gulu losagwirizana mawu linkabwerera kukhonde.

Akatswiri nawo ali ndi dandaulo lomveka. Mpingo ukazolowera kuti gulu limabwera kwaulere, kapena kungolandira zimene zagwa m'mbale ya chopereka, umayamba kuona woyimba wotchula mtengo ngati wadyera. Gulu limene mamembala ake ali ndi malipiro a pamwezi likhoza kuvomera ndalama yosakwana n'komwe mafuta a galimoto, ndipo potero limagwetsa mtengo wa ntchito ya amene alibe kwina kodalira. Dandauloli ndi loona, koma ndimaona kuti limaloza chala munthu wolakwika. Katchalitchi ka anthu 40, nyumba ya okalamba, ndende, maliro a munthu wosauka, malo amenewa sakanaitana katswiri ngakhale gulu laling'onolo likanapanda kukhalapo. Akanangokhala opanda oyimba. Mu 1963, pa nthawi ya zionetsero zofuna ufulu ku Birmingham, kwaya ya Alabama Christian Movement for Human Rights yotsogozedwa ndi Carlton Reese inkayimba pamisonkhano ya usiku ndi usiku, ndipo ntchito yotero sigulidwa. Vuto lenileni limabwera pamene mpingo waukulu, wandalama zake, ukunamizira utumiki kuti usalipire aliyense.

M'kati mwa gulu, chimene chimaphwasula ambiri ndi kandalama kochepa komweko. Zokuzira mawu zinagulidwa ndi zosonkha za onse koma zimagona kunyumba kwa mmodzi. Mwini galimoto amaona kuti matayala akutha ndi ake okha. Wopeka nyimbo amafunsa chifukwa chake akulandira mofanana ndi amene amangovomera. Akagawana, nkhondo imakhala pa dzina, ndipo n'chifukwa chake nthawi zina mumapezeka magulu awiri a dzina limodzi, lina likudzitcha kuti ndilo lenileni. Kunyumba nako kumakhala madandaulo, poti masiku opuma onse bambo kapena mayi ali pamsewu, ndipo abusa amadabwa kuti woyimba wawo wabwino amamuona pa mapemphero kamodzi pa mwezi.

Ndiye gulu likayamba kutchuka funso limabwera lokha: tisiye ntchito? Akakhala pansi n'kuwerengetsa, zimavuta. Anthu amasonkhana kudzamva nyimbo zauzimu makamaka Lachisanu madzulo, Loweruka ndi Lamlungu, ndipo chaka chili ndi masabata 52 kwa wina aliyense. Wosiya ntchito sapeza masiku oyimbira ochuluka kwenikweni kuposa mnzake wogwira ntchito. Chimene amapeza ndi mtunda: akhoza kuyenda Lachinayi lonse kupita kumene sanamumvepo, n'kubwerera Lachiwiri. Koma mtundawo umalipiridwa ndi mafuta, malo ogona ndi kukonzetsa galimoto, ndipo ndalama ya masiku atatu aja iyenera kudyetsa mabanja asanu sabata yonse. Ku America kuli vuto linanso lakuti inshuwalansi ya kuchipatala ya anthu ambiri imachokera kwa owalemba ntchito, choncho wosiya ntchito amataya ndi imeneyo. Zimangotengera mmodzi kukana, mwina wa besi amene watsala zaka zochepa kuti ayambe kulandira penshoni, kuti nkhani yonse ithere pomwepo. Magulu ambiri aluso anatsala atawerengetsa bwinobwino, osati chifukwa choti sanaitanidwe.

Masiku ano kusiyana kwa katswiri ndi woyimba akaweruka kukunka kuchepa. Kujambula nyimbo kunatsika mtengo, moti gulu la kumapeto kwa sabata likhoza kutulutsa nyimbo yomveka bwino pa kompyuta ya m'chipinda n'kuiika pa YouTube. Koma ndalama imene inkabwera pogulitsa zimbale pamanja mwambo ukatha yachepa kwambiri, ndipo intaneti sinaibweze. Kuyambira 2024 Spotify, kampani yomvetserapo nyimbo pa intaneti, silipira kalikonse pa nyimbo imene sinamvetseredwe ka 1,000 m'miyezi 12 yapitayo. Mu 2020 matchalitchi ndi maholo atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, odya za kuyimba anataya chakudya chawo nthawi imodzi, pamene amene ntchito zawo zinapitirira anangotaya mapulogalamu. Ambiri amene timawaona ngati akatswiri lero amaphunzitsa nyimbo pasukulu, analembedwa ntchito ndi mpingo monga otsogolera kuyimba, kapena amayimbira ena m'situdiyo m'kati mwa sabata.

Chimene chikudetsa nkhawa magulu akale ndi olowa m'malo. Mipingo yambiri inayamba kudalira kagulu kotsogolera matamando, oyimba ochepa ndi bandi, ndipo wachinyamata waluso amaona kuti n'chapafupi kuyimba yekha potsatira zida zojambulidwa kale pa foni kusiyana n'kugwirizanitsa nthawi ndi anthu ena anayi a mashifiti osiyana. Woyimba yekha amaphunzira kukweza mawu ndi kuwakometsera, koma saphunzira kumvetsera mnzake wa kumanzere n'kutsitsa mawu ake kuti zigwirizane, ndipo luso limenelo silitoledwa pa kanema. Ambiri mwa magulu amene akulimbabe ndi a pabanja, kumene mdzukulu amayamba ndi kunyamula zokuzira mawu, kenako amapatsidwa ng'oma, ndipo tsiku limene amalume a mawu a pakati alephera kuchoka kuntchito amauzidwa kuti aime pamzere.